Lipoti la ulendo wa ku Tokyo: cheya, zovala za nyengo ndi makina amene tikufuna kugula

A wapampando, a komiti ndi amayi anzanga nonse a m'gulu lathu la asaluni ndi atelala,

Ndikupereka lipoti la msonkhano umene munandituma ku Tokyo, likulu la dziko la Japan, m'mwezi wa Julaye, umene unasonkhanitsa amayi okongoletsa anthu ndi osoka zovala ochokera m'maiko angapo. Tikiti ya ndege ndi malo ogona analipira ndi amene anatiitana, koma ndalama ya visa, ya mayendedwe ndi alawansi inachoka m'thumba la gulu, ndipo munandipatsa ntchito ziwiri: kukaona ndi maso makina ochotsera cheya amene ena mwa ife akufuna kuti tigule, ndi kukaphunzira mmene anzathu amayendetsera malonda awo motsata nyengo.

Tsiku loyamba linatha ndi malonje, zolankhula za akuluakulu ndi kujambulitsa. Panalinso chigawo cha kasungidwe ka mabuku a ndalama ndi china cha kutsatsa malonda pa intaneti, koma zambiri mwa izo tinaziphunzira kale kuno.

Chimene atelala athu ayenera kuchimva bwino ndi mwambo wosintha zovala, wotchedwa koromogae. Pa 1 Juni ana asukulu ndi antchito ambiri ovala yunifomu amasiya zovala za nyengo yozizira n'kuvala zopepuka za manja aafupi, ndipo pa 1 Okutobala amabwerera ku zolemera. Mwambowu unayambira kunyumba ya mfumu m'nthawi ya Heian, zaka zoposa 1,000 zapitazo, koma masiku awiriwa anakhazikika m'nthawi ya Meiji, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, boma litayamba kuveka asilikali ndi apolisi yunifomu yachizungu. Pa kimono, chovala chachikhalidwe cha ku Japan, ndondomeko yake ndi yatsatanetsatane kuposa pamenepo. Kuyambira Okutobala mpaka Meyi amavala ya nsalu ziwiri, m'Juni ndi m'Seputembala ya nsalu imodzi, pamene m'Julaye ndi m'Ogasiti amavala yopyapyala yolowa mphepo, ndipo ngakhale maluwa ojambulidwa pa nsaluyo amayenera kugwirizana ndi mwezi. Wosoka ndi wogulitsa amadziwiratu miyezi ingapo chimene kasitomala adzafune, choncho nsalu amaoda nthawi ikadalipo. Ife timadziwa kuti Juni ndi Julaye kumazizira, kuti maukwati amachuluka anthu akakolola, ndiponso kuti sukulu zikamatsegulidwa makolo amafuna yunifomu, komabe chaka chilichonse timathamangira nsalu mitengo itakwera kale. Ndondomeko yoodera nsalu pamodzi tinaikambirana chaka chatha, ndipo mpaka lero palibe amene watiuza pamene inathera.

Kalendala yomweyo, imene imathandiza wosoka, ndi imene imapanikiza mkazi wa ku Japan. Nyengo yotentha ya kumeneko ndi yachinyezi, thukuta siliuma pathupi, ndipo kuyambira Juni manja aafupi, malaya osambira ndi yukata (kimono yopepuka) ya pa zikondwerero zimaonetsa mikono, miyendo, m'khwapa ndi khosi. Chimene anthu amayembekezera n'chakuti pamalo onsewo pasaoneke cheya. Sindikunena za m'khwapa mokha monga tinazolowera kuno, koma mikono yonse mpaka pamwamba pa zala, kumaso ndi kumsana komwe. M'sitima imene tinkakwera popita kumsonkhano ndinawerenga ndi maso mmene nkhaniyi yakulira: pamwamba pa mawindo ndi pa mapepala olendewera pakati pa ngolo panali zithunzi za atsikana atakweza mikono, pambali pake mtengo wa pamwezi utalembedwa ndi manambala akuluakulu kuti uoneke wochepa. Mtsikana amene amapita kusukulu pa sitimayo amaziona m'mawa ndi madzulo.

Mu 2005 unduna woona za chilengedwe, pansi pa nduna Koike Yuriko, unayambitsa ndondomeko ya Cool Biz, yolimbikitsa maofesi kuti makina oziziritsa m'nyumba asamatsitsidwe kupyola madigiri 28 ndi kuti abambo avule taye ndi jekete. Abambo anapepukidwa. Amayi m'maofesi ambiri ndi pofunsira ntchito amayembekezeredwabe kuvala masitonkeni ngakhale kukutentha, ndipo panja ambiri amafunda ambulera ya dzuwa ndi kuvala zophimba mikono kuti khungu lisade. Ine ndinaona kuti mkazi akuuzidwa zinthu ziwiri nthawi imodzi, kuti avale zopepuka chifukwa tsiku lakwana, komanso kuti chilichonse choonekera chikhale chosalala ndi choyera, ndipo mtengo wa zonsezi amalipira yekha.

Tsopano ndifike pa makina. Anatitengera ku saluni ina yochotsa cheya ndipo anationetsa kagwiridwe kake. Makinawo amaponya kuwala kwamphamvu pakhungu, kuwalako kumakokedwa ndi kuda kwa tsitsi, kumasanduka kutentha n'kufooketsa muzu. Pakhungu loyera lokhala ndi tsitsi lakuda zimayenda bwino, chifukwa kuwala kumapeza tsitsi lokha. Pakhungu lakuda ngati lathu, khungu lenilenilo limamwa kuwalako, ndipo zotsatira zake zikhoza kukhala kupsa, matuza ndi mawanga amene amatenga miyezi kuti achoke. Mayi amene amatiwonetsa anayang'ana mkono wanga ndipo mwaulemu anakana kundiyesa, pamene anzathu a khungu loyererapo anawayesa. Alipo makina a laser a mtundu wa Nd:YAG amene kuwala kwake kumalowa mozama ndipo ndi abwinoko pakhungu lakuda, koma amenewo ndi a kuchipatala. Ku Japan unduna wa zaumoyo unalengeza mu 2001 kuti kuononga muzu wa tsitsi ndi laser kapena kuwala kwamphamvu ndi ntchito yachipatala, yosaloledwa kwa munthu wopanda chiphaso cha udokotala, n'chifukwa chake masaluni amagwiritsa makina ofooka amene amangochepetsa cheya. Makina amene tinatumiziridwa chithunzi chake pa WhatsApp ndi a mtundu wa kusaluni womwewo. Tikaonjezerapo kuthimathima kwa magetsi ndi kusowa kwa ndalama zakunja zoitanitsira zipangizo zikaonongeka, ine sindikuvomereza kuti tigule, ndipo ndikupempha kuti ndalama imene inapatulidwa ibwerere ku banki m'khonde, kumene amayi angapo akhala akudikira ngongole kuyambira mwezi wa Epulo.

Ndikudziwa kuti ena adzati ndikuopa chitukuko, monga ananenera pamene ndinafunsa za ndalamayi ndisananyamuke. Ndikuwapempha amve chigawo chimene chinandigwira mtima kuposa zonse, cha madandaulo a makasitomala. Tsitsi silimera lonse nthawi imodzi, choncho munthu amayenera kubwerera ku makina kambirimbiri, pakatipo patadutsa masabata angapo, ndipo ntchito yonse imatenga chaka kapena kuposerapo. Masaluni ambiri a ku Japan anamanga malonda awo pa kulipiriratu: mtsikana amasaina pangano la ndalama zambiri, nthawi zina pangongole, kampani n'kutenga ndalamazo kukatsegulira nthambi zina ndi kulipirira zotsatsa za m'sitima zija. Makasitomala atsopano akachepa, ndalama yothandizira akale imasowa. Masaluni a Datsumo Labo anagwa mu 2022, a Ginza Calla mu Disembala 2023, zipatala zochotsa cheya za Alicia Clinic mu Disembala 2024, ndipo paliponse makasitomala zikwizikwi anatsala ndi mapangano opanda ntchito. Kuyambira pa 1 Epulo 2022 zaka zoyambira kuonedwa ngati munthu wamkulu zinatsitsidwa kuchoka pa 20 kufika pa 18, kutanthauza kuti mtsikana wongomaliza sekondale akhoza kusaina popanda makolo, ndipo madandaulo a atsikana a zaka 18 ndi 19 pa mapangano amenewa anakwera. Lamulo lawo limapatsa kasitomala masiku 8 oti asinthe maganizo n'kubwezeredwa ndalama ngati pangano likuposa mwezi umodzi ndi mayeni (ndalama ya ku Japan) 50,000, koma kampani ikagwa, lamulolo silibweza kanthu.

Njira imene inaperekedwa kumsonkhano wathu wa Meyi yolipirira makina inali yomweyi, yakuti tigulitsiretu mapakeji kwa makasitomala. Ndipo tisanafike n'komwe kumeneko, tili kale ndi vuto la madipoziti. Mkwatibwi amene analipiriratu zomukongoletsa kwa mmodzi wa mamembala athu, n'kudikira m'mawa wa ukwati wake popanda wobwera, sanabwezeredwe mpaka lero, ndipo nkhani yake yaimitsidwa kawiri pa misonkhano ya komiti. Dzina limene likuipa pa zinkhoswe ndi m'magulu a kutchalitchi ndi la gulu lonse. Ndikupempha kuti nkhaniyi ithe pa msonkhano ukubwerawu, ndipo tikhazikitse lamulo lakuti dipoziti iliyonse ilembedwe pa risiti ndipo isadyedwe ntchito isanagwiridwe.

Chimene ndikufuna titengere ndi chotchipa kwambiri, ndipo ndinachiona m'nyumba yometera. Ku Japan kumeta nkhope ya munthu ndi lumo ndi ntchito ya ometa okhala ndi chiphaso cha boma, pamene okonza tsitsi m'saluni ali ndi chiphaso china chosawalola ntchitoyo. Akwatibwi ambiri amapita kwa ometa masiku ochepa ukwati usanachitike, chifukwa kolala ya kimono imakokeredwa kumbuyo kuti khosi lionekere, ndipo khosilo amalipaka zoyera. Mayi wometa anayamba ndi kusamba m'manja pamaso pathu, anatsegula lezala latsopano kasitomala akuona, anafunditsa khosi ndi thaulo lotentha, anapaka thovu la sopo ndi burashi yofewa, kenaka anameta pang'onopang'ono motsata kumene cheya chagonera, dzanja lina litakoka khungu. Kunkhongo sanamete modula mzere, koma anasiya tsitsi litatsika mosongoka mbali zonse ziwiri kuti khosi lioneke lalitali. Atatha anataya lezalalo m'kabokosi kotseka, anaika zipangizo zina m'mankhwala ophera tizilombo n'kupaka khungu mafuta oziziritsa. Zonsezi tingazichite mawa popanda magetsi. Ndikunena izi chifukwa m'masaluni ena a mamembala athu lezala limodzi likukonzabe nsidze za anthu angapo, m'dziko limene tonse tikudziwa mmene HIV ndi matenda a chiwindi amafalikira kudzera m'magazi.

Tinauzidwanso kuti zofuna za anthu pa thupi la mkazi sizinakhale chimodzimodzi nthawi zonse. Kale ku Japan amayi okwatiwa ankameta nsidze ndi kudetsa mano, mpaka boma linaletsa mwambowu kwa a m'mabanja achifumu mu 1870, ndipo mu 1873 mkazi wa mfumu anaonekera pagulu ndi nsidze zake ndi mano oyera, amayi ena n'kutsatira. Lero amayi a kumeneko akutsutsa okha. Mu 2019 Ishikawa Yumi anayambitsa kampeni ya KuToo yokana kukakamizidwa kuvala nsapato zagogoda kuntchito, ndipo mu 2020 Japan Airlines inalola amayi ogwira ntchito m'ndege kuvala nsapato zafulati ndi mathalauza. M'chaka chomwecho kampani yopanga malezala ya Kai inaika chikwangwani ku Shibuya, dera lina la mu Tokyo, chosonyeza mtsikana wopangidwa pakompyuta ali ndi tsitsi m'khwapa, uthenga wake uli wakuti mwini thupi ndiye adziweruzire ngati tsitsilo n'losafunika. Panalinso nkhani ya amayi a zaka za m'ma 40 ndi 50 amene akuchotseratu tsitsi la kumalo obisika tsitsilo lisanachite imvi, poti makina saona imvi, n'cholinga choti akadzakalamba asadzavutitse owasamalira. Izi zinandimvetsa chisoni, kuti munthu akukonzekera ukalamba wake ndi nkhawa yakuti thupi lake lidzakhala mtolo kwa ena.

Anzathu atandifunsa za kwathu, ndinawauza kuti lamulo la 1973 linaletsa amayi a ku Malawi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi mpaka nthawi ya matipate ambiri, ndiponso kuti mu Januwale 2012 amayi anavulidwa m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre chifukwa cha zovala zawo. Ndinawauzanso kuti kwathu kumeta kuli ndi malo ake m'malangizo a anamkungwi ndi pa maliro, koma cheya cha m'miyendo ndi m'mikono sichinakhalepo chamanyazi, ndipo alipo ambiri amene amachiyamikira. Apa ndi pamene ndikusiyana ndi amene akuti tiyambe kutsatsa pa Facebook ndi zithunzi zosonyeza miyendo ya cheya ngati uve. Kasitomala wofuna kumeta kapena kupaka wax timuthandize bwino ndi mwaukhondo, koma tisadzale manyazi mwa ana athu aakazi kuti tidzakolole ndalama. Tinaona kale zimene mafuta oyeretsa khungu achita pa nkhope za atsikana, ndipo ena mwa ife tikuwagulitsabe pansi pa kauntala ngakhale tinagwirizana kuti tisiye.

Chigawo chomaliza chinali cha kupereka masatifiketi ndi kuthokozana.

Zimene ndikupempha kuti tivotere pa msonkhano ukubwerawu ndi izi: kuimitsa kugula makina ndi kubweza ndalama ku banki m'khonde, kukhazikitsa lamulo la risiti ya dipoziti ndi la lezala latsopano kwa kasitomala aliyense, ndi kusankha atelala awiri oti alembe kalendala yathu yoodera nsalu mvula isanayambe. Ndine wokonzeka kuonetsa kametedwe kamene ndinaphunzira, Loweruka lililonse limene komiti ingasankhe, popanda malipiro. Marisiti onse a ulendowu ndinawapereka kwa a msungichuma, ndipo aliyense amene anafunsa chifukwa chimene anatumidwa wa saluni m'malo mwa telala ali ndi ufulu wokawaona. Gawo la alawansi limene linachedwa kutuluka ndinalikwanitsa ndi ngongole ya kwa mchemwali wanga, ndipo ndikupempha a msungichuma kuti alilipire mwezi uno usanathe.