Makina oyezera zipangizo zamagetsi nawonso aziyezedwa

Akonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndinenepo za kayezedwe ka zipangizo zamagetsi m'mafakitale, ntchito imene masiku ano imagwiridwa kwambiri ndi makina oyendetsedwa ndi kompyuta. Anthu ambiri, ngakhalenso oyang'anira ntchito ena, amaganiza kuti makina akayatsa getsi lobiriwira ndiye kuti katunduyo ali bwino, koma getsilo limangonena za zimene makinawo anauzidwa kuti aziyang'ana, ndipo limanena zoona pokhapokha makinawo akakhala kuti nawonso ali bwino.

Kuyeza kwabwino kumayamba bolodi, kathabwa kamene amalumikizapo tizipangizo tamagetsi, isanapangidwe n'komwe. Injiniya wojambula bolodi ayenera kusiya timalo tamkuwa pamene singano za makina a ICT (makina oyeza tizipangizo tili pa bolodi pomwepo) zidzagunde, chifukwa bolodi yothinana yopanda timalo totere siyezeka mokwanira ngakhale makinawo akhale odula chotani. Ma chip a mtundu wa BGA, amene amalumikizidwa ndi timipira ta solder (mtovu wowotcherera) tobisika kunsi kwake, singano siziwafika ndipo kamera siwaona. Pamenepa pamafunika X-ray kapena njira ya boundary scan, imene inakhazikitsidwa mu 1990 pa muyezo wa IEEE 1149.1 ndipo imayeza malumikizidwe kudzera pa mawaya anayi kapena asanu okha, koma nayonso imatheka ngati wojambulayo anaikonzera njira poyamba. Ndi bwinonso kuyeza pa sitepe iliyonse osadikira kumapeto, popeza solder yopakidwa molakwika ikaoneka bolodi isanalowe mu uvuni wosungunula solder amangoipukuta n'kupakanso, pamene ikatuluka mu uvuni pamafunika munthu wa luso kuti asungunule ndi kukonza.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chizolowezi chobwereza kuyeza mpaka bolodi itakhoza. Bolodi ikalephera, wogwira ntchito amaitulutsa, kuibwezeramo n'kudinanso batani, ndipo ikakhoza ulendo wachiwiri kapena wachitatu amaiika pamodzi ndi zabwino. Sindikumuimba mlandu munthuyo, pakuti kawirikawiri amakhala akuthamangitsidwa ndi chiwerengero chimene anamulamula. Komatu kulephera koyambako kunali ndi chifukwa chake. Mwina nsonga za singano zadetsedwa ndi zotsalira za flux (mankhwala othandiza kuti solder igwire bwino) kapena tisipuling'i take tafooka, ndipo ngati ndi choncho makinawo akukana mabolodi abwino. Mwinanso pali malo owotcherera amene ang'aluka, omwe anangogundana kwakanthawi bolodi itapanikizidwa, ndipo adzalekananso chipangizocho chikadzatentha kapena kugwedezeka chili m'manja mwa wogula. Kudinanso batani kumabisa mavuto onse awiri.

N'chifukwa chake pulogalamu yoyezera izilemba ulendo uliwonse umene bolodi yayezedwa, pamodzi ndi nambala yake, ndipo fakitale iziwerengera mabolodi amene akhoza ulendo woyamba, osati amene akhoza pamapeto pake. Shifiti iliyonse ikamayamba, makina aziyesedwa ndi bolodi yodziwika kuti ndi yabwino, imene akatswiri amaitcha golden board, komanso ndi ina yokhala ndi vuto lodziwika, chifukwa makina amene amavomereza chilichonse sangadziwike ngati akungopatsidwa bolodi yabwino yokha. Bolodi yachiwiriyi ndi imene imaiwalika kawirikawiri. Singano zizisinthidwa potengera kuchuluka kwa maulendo amene zagunda, ndipo mamita oyezera magetsi a m'makinawo azifananizidwa ndi miyezo yodalirika pa nthawi yoikika.

Pali chinthu chinanso chimene chimachitika mwakachetechete, ndicho kukulitsa malire a muyezo mu pulogalamu kuti mabolodi ambiri azikhoza. Nthawi zina malire amakhaladi othina mopanda chifukwa ndipo ayenera kusinthidwa, koma kusinthako kuzichitika injiniya atasanthula zotsatira za mabolodi ambiri, wina atavomereza, ndipo zitalembedwa kuti wasintha ndani, tsiku liti komanso pa chifukwa chanji.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu