Mafilimu akale a muno mu Africa apatsidwe malo m'mavidiyo shoo

Akonzi,

Tiloleni tilankhule ndi eni mavidiyo shoo, aphunzitsi oyang'anira makalabu m'sukulu ndi anyamata oikira anthu mafilimu m'mafulashi kuno ku Nkhotakota, kuyambira pa boma mpaka ku Benga ndi ku Dwangwa. Pa mabolodi a panja pa mashoo pamangolembedwa zankhondo, zakarate, za ku Nigeria ndi mpira. Sitikudzudzula, ndi zimene zimalowetsa ndalama. Koma alipo mafilimu akale a muno mu Africa okamba zenizeni zomwe zikutisowetsa tulo m'midzi mwathu. Dandaulo lomwe limamveka n'lakuti mafilimu oterewa ndi ozizira, anthu amatuluka asanathe. Ife tikuti nthawi zambiri cholakwika chimakhala kaonetsedwe.

Yoyamba kuifunafuna ikhale Yaaba ya mu 1989, imene anakonza Idrissa Ouédraogo wa ku Burkina Faso. Ndi ya mphindi pafupifupi 90. Mayi wokalamba dzina lake Sana amakhala yekha kunja kwa mudzi chifukwa anthu amati ndi mfiti, ndipo choipa chilichonse chikagwa amaloza iye. Kamnyamata kena, Bila, kamayamba kumuyendera mozemba, kumupititsira chakudya, n'kumamuitana kuti agogo. Msuweni wake Nopoko atachekedwa ndi mpeni wadzimbiri pa ndewu ya ana, amadwala mwakayakaya. Anthu a m'mudzi amakatentha kanyumba ka gogo uja pomwe mwiniwake ali paulendo wokafunira mwanayo mankhwala. Mulibe wolalikira m'filimuyi. Woonera amaona yekha kuti onenera mnzawo ufiti ndi omwewo amene ali ndi zobisa zawo. Kuno kumene timamva za agogo omenyedwa ndi kutenthedwera nyumba, mfumu iliyonse ikanayenera kuionera pamodzi ndi anthu ake, makamaka poti lamulo lathu la za ufiti la mu 1911 limati kunenera munthu ufiti ndi mlandu. Mphunzitsi woonetsa ana awonjezepo mawu amodzi: matenda a Nopoko ndi kafumbata, ndipo ngakhale m'filimumo amachira ndi mankhwala a sing'anga, bala la chitsulo chadzimbiri n'lothamangira nalo kuchipatala tsiku lomwelo.

Ya chiwiri ndi La Noire de... ya Ousmane Sembène wa ku Senegal, ya mu 1966, yopanda makala (ya zithunzi zakuda ndi zoyera), yotenga ola limodzi lokha. Mtsikana Diouana amachoka ku Dakar kutsatira mabwana ake ku Antibes, ku France, akuganiza kuti akukalera ana ndi kuona dziko. Amakapezeka ali m'khitchini ndi m'bafa tsiku lonse, osatuluka, osadziwa aliyense. Kalata yochokera kwa mayi ake imawerengedwa ndi bwana, yankho lake n'kumalembanso bwana yemweyo. Aliyense amene anamvapo za atsikana athu ovutikira ku Oman aizindikira nkhaniyi msanga. Mathero ake ndi owawa, mtsikanayu amadzipha, choncho si ya ana a ku pulayimale.

Sembène yemweyo mu 1968 anatulutsa Mandabi, ya m'Chiwolofu, ndipo iyi ndiye yoseketsa ngakhale nthabwala zake zimaluma. Ibrahima Dieng, bambo wa akazi awiri wosowa ntchito, amalandira uthenga woti mphwake wosesa m'misewu ku Paris watumiza mafaranga 25,000 kudzera ku positi. Ndalamazo zambiri si zake, koma mbiri imawanda. Akazi ake amayamba kutenga mpunga pangongole, anansi amafika ndi mavuto awo. Ku positi akufuna chiphaso. Kuti apeze chiphaso akufunika chikalata cha kubadwa ndi zithunzi, ndipo khomo lililonse lili ndi womudyera. Kuno kwathu, kumene mabanja ambiri amadikira ndalama za ku Joni ndipo Asilamu ndi ochuluka, mavalidwe, malonje ndi mapemphero a m'filimuyi sadzakhala achilendo.

Zina tingozitchula. Jit ya ku Zimbabwe (1990) ndi ya mnyamata wosakasaka malowolo uku mzimu wa gogo wokonda mowa ukumusautsa. Ndi yopepuka, yodzaza nyimbo. Neria, ya mayi wamasiye wolandidwa chuma, akuluakulu amaikumbukira chifukwa cha Oliver Mtukudzi, koma achinyamata sanaione, pamene kulanda chuma cha masiye kukadalipo ngakhale lamulo la mu 2011 linakuletsa. Come Back, Africa ya mu 1959 inajambulidwa mozemba ku Johannesburg, muli Miriam Makeba akuimba ali mtsikana, ndipo imaonetsa moyo wa mapasi ndi migodi umene agogo athu a ku Wenela ankaunena.

Tsopano kaonetsedwe. Chopha mafilimuwa choyamba ndi chiyankhulo. Ambiri amabwera ndi mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi, ndipo munthu wokhala pa benchi yakumbuyo sangawawerenge pa TV ya mainchesi 32. Pamafunika womasulira wa maikolofoni, koma osati mwa chizolowezi chija chobwebweta kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kusintha mayina a anthu ndi kuikamo nthabwala zako. Womasulira aionere filimuyo kawiri asanaonetse, alembe m'kope mayina ndi ubale wa anthu ake. Poonetsa adikire wosewera amalize chiganizo, iye n'kunena mwachidule. Mawu a filimu asazimitsidwe, angotsitsidwa pang'ono. Pamene anthu a m'filimu ali chete, nayenso akhale chete. Mu Yaaba mawu ndi ochepa kwambiri, nkhani imayenda ndi maso ndi mayendedwe, ndiye ukalankhulapo waiwononga. Mu La Noire de... muli msampha wina: zambiri zimene Diouana akunena ndi za mumtima, pakamwa pali potseka. Oonera auzidwe zimenezi filimu isanayambe, apo ayi adzaganiza kuti akuyankha mabwana ake mwamwano. Mandabi ndi yolongolola, imafuna omasulira awiri, bambo ndi mayi.

Amene ali ndi kompyuta angathe kumasuliratu mawu olembedwawo. Fayilo yake imathera ndi .srt ndipo imatseguka mu Notepad. Manambala ndi nthawi zisiyeni momwe zilili, sinthani mawu okha. Mzere usapitirire zilembo 40 kapena 42, mizere isapose iwiri, chifukwa mawu a Chichewa ndi aatali ndipo muyenera kudula. Posunga sankhani UTF-8 kuti zilembo zina zisasanduke timabokosi. Dzina la fayiloyi lifanane ndendende ndi la filimu, zonse zikhale mu foda imodzi, apo ayi TV siiona. Mawu olembedwawo akamatsogola kapena kutsalira mofanana filimu yonse, pa VLC mabatani a G ndi H amawakokera kapena kuwachedwetsa pang'onopang'ono. Koma akayamba bwino n'kumatalikirana filimu ikamapita, ndiye kuti anakonzedwera kope lina, la mafuremu 25 pa sekondi pamene lanu ndi la pafupifupi 24. Pamenepo mabatani sathandiza, funani fayilo yogwirizana ndi kope lanulo.

Fulashi nayo ili ndi zake. Ma TV ndi ma DVD player akale amawerenga fulashi yofomatidwa mu FAT32 yokha, ndipo FAT32 silandira fayilo yoposa 4GB. Filimu ikamakana kulowa m'fulashi ya malo ambiri, chifukwa chake n'chimenecho. Mawu akamamveka chithunzi osaoneka, kawirikawiri fayiloyo ndi ya mtundu wa vidiyo wotchedwa H.265, womwe makina akale saudziwa. Isinthireni ku MP4 ya H.264 pa 720p ndi pulogalamu yaulere ya HandBrake. Idzachepa kufika pafupifupi 1GB kapena 2GB ndipo idzasewera pa ma TV ambiri.

Mafilimu ambiri akale chithunzi chake sichotambalala ngati cha TV za masiku ano. Mukaona mizere yakuda m'mbali, musachikoke kuti chidzaze. Anthu amaoneka ofupika, nkhope zophwatalala, ndipo mukachikulitsa ndi zoom mawu a m'munsi amadukanso. Pa rimoti sankhani 4:3 kapena Original. Filimu yopanda makala imafuna mdima weniweni: tsekani mipata ya m'zitseko ndi m'malata, chotsani setingi ya Vivid, muike ya Movie kapena Cinema. Uzaninso anthu pakhomo kuti ndi yopanda makala, asaganize kuti TV yafa n'kufuna ndalama zawo.

Ogwiritsa ntchito sola awerengere bwino. TV ya LED ya mainchesi 32, ampu yaing'ono ndi invetala pamodzi zimadya pafupifupi mawati 100. Batire ya 12V 100Ah simuyenera kuitsitsa kupitirira theka, choncho ikakhala yatsopano ikupatsani maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Yotopa siifika n'komwe. Filimu yodekha ikadukira pakati anthu sabwereranso, ndiye iikeni koyambirira batire ili yodzaza. Kung'ung'udza kwa m'masipika nthawi zambiri kumachokera ku invetala yotchipa. Ampu yolowa molunjika ku 12V imathetsa zimenezi. Amene akusunga ma DVD, pukutani ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita m'mphepete, osazunguliza. Matepi a VHS ooneka zoyerayera m'kati ali ndi nkhungu ya chinyezi cha kunyanja kuno, musawalowetse m'makina, adzaipitsa mutu wowerengera.

Nthawi yoonetsera muitenge kunyanja. Mwezi ukawala kwambiri, ogwira usipa ndi nyali sapita, ndipo m'miyezi ya mwera, June mpaka August, mabwato amagona pamtunda masiku angapo. Amenewo ndi madzulo odzaza nyumba. Lachisanu masana ndi nthawi ya Swala, Loweruka ndi Lamulungu masana ndi za mpira. M'dzinja, mvula ikamasokosa pa malata, filimu ya mawu apansipansi simveka. Musayambe ndi La Noire de... anthu asanazolowere. Yambani ndi Jit, kenaka Neria, ndipo Yaaba ndi Mandabi zibwere pambuyo, imodzi pa sabata, tsiku lodziwika.

Mafilimuwa ali ndi eni ake ngakhale ndi akale. Kuonetsa kolipiritsa kumafuna chilolezo cha a Censorship Board, ndipo za umwini ndi kumasulira funsani a COSOMA musanayambe. Funaninso makope okonzedwanso: La Noire de... ndi Mandabi anazitsuka m'zaka zapitazi ndipo zikuoneka bwino kwambiri kuposa makope otuwa ochokera ku matepi amene amayendayenda pa intaneti. Musanalembe filimu pa bolodi, iseweretseni yonse pa TV yomweyo imene mudzaonetsere, osati pa foni.

Ife owerenga anu,
Nkhotakota