Lipoti la nthumwi: zomwe tabwera nazo ku msonkhano wa zithunzi za thambo la ku Mars

A Wapampando, akuluakulu a komiti, ndi aphunzitsi anzathu a sayansi a kuno ku Mzuzu,

Munatituma awirife ku msonkhano wa masiku awiri wa aphunzitsi a fizikisi ndi jogalafe ku Lilongwe, ndipo munatisenzetsa funso limodzi: ana akafunsa kuti thambo la ku Mars ndi la mtundu wanji tiziyankha bwanji, poti pa intaneti zithunzi zina n'zofiira, zina zabuluu, zina zotuwa? Yankho tabwera nalo. Masana thambolo limakhala lofiirira motuwa, ngati thobwa la mawere. Dzuwa likamalowa, pamalo pozungulira dzuwalo pamasanduka buluu. Koma chomwe chinadya nthawi yambiri ya msonkhano n'chakuti chithunzi chilichonse chochokera kumeneko chimachita kuphikidwa, ndiye amene sakudziwa kaphikidwe kake asathamangire kuphunzitsa nacho.

Otsogolera zokambirana anayamba ndi cholakwa cha akatswiri eni ake. Chombo cha Viking 1 chinatera ku Mars, pa chigwa cha Chryse Planitia, pa 20 Julayi 1976. Mawa lake a NASA, bungwe la ku America lofufuza zakuthambo, anatulutsa chithunzi choyamba chamitundu, thambo lili buluu wotuwa ngati lakwathu kuno. Posakhalitsa anachikonza n'kutulutsa china, thambo lili lofiirira. Kamera sinaname ayi. Kamera ya Viking sinkajambula kamodzi n'kamodzi ngati foni. Inali ndi kagalasi kogwedezeka m'mwamba ndi pansi, kowerenga mzere umodzi woimirira, kenako kamera yonse n'kutembenuka pang'ono kuti iwerenge mzere wotsatira. Kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwabuluu kunkayezedwa padera, n'kutumizidwa kuno ngati manambala. Ophatikiza manambalawo anali asanayeze bwino mphamvu ya mtundu uliwonse, choncho buluu anachuluka. Atayerekeza ndi mitundu yodziwika yomwe inapakidwa pa chombocho chisananyamuke, m'pamene thambo lenileni linaoneka.

Chifukwa cha mtunduwo ndi fumbi. Mpweya wa ku Mars ndi wochepa kwambiri, mphamvu yake pansi ndi pafupifupi mamiliba 6, osafika ndi gawo limodzi lomwe mwa magawo 100 a mpweya wathu, ndipo magawo 95 mwa 100 ake ndi carbon dioxide. Kwathu kuno thambo limakhala buluu chifukwa timagawo ta mpweya timamwaza kuwala kwabuluu kuposa kofiira maulendo opitirira asanu. Ku Mars mpweya woti uchite zimenezi ndi wosakwanira, moti kukanakhala kopanda fumbi thambo likanakhala pafupifupi lakuda ngakhale masana. Fumbilo n'losalala kuposa ufa woyera, kanthu kamodzi kukula kwake ndi mamaikilomita ochepa chabe, ndipo lili ndi dzimbiri la chitsulo. Dzimbirilo limameza buluu n'kusiya kufiirira kuja kuti kufalikire thambo lonse.

Nanga buluu wa madzulo uja amachokera kuti? Apa tikupempha kuti mumvetsere bwino, chifukwa ngakhale ku msonkhano ambiri anasokoneza. Tinthu ta fumbi ta msinkhu umenewo timakhotetsa kuwala kofiira kwambiri, n'kukumwaza kutali ndi dzuwa, pamene kwabuluu timangokupatutsa pang'ono, ndiye kumatsala kutaunjikana pafupi ndi dzuwalo. Madzulo kuwala kumadutsa m'fumbi lambiri kuposa masana, choncho kusiyanaku kumaonekera poyera. Chithunzi chomwe Spirit, chombo choyenda pa nthaka ya ku Mars, inajambula pa 19 Meyi 2005 ku Gusev Crater, ndi zomwe chombo china chotere, Curiosity, chinajambula pa 15 Epulo 2015 ku Gale Crater, zimaonetsa zimenezi bwino lomwe. M'zithunzizo dzuwa limaoneka laling'ono, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mmene timalionera ife, ndipo chizirezire chimatha kukhalitsa mpaka maola awiri chifukwa fumbi lam'mwamba limapitiriza kuwala dzuwa litalowa kale. Mnzathu wina wa ku Chigawo cha Pakati anati aziyerekeza ndi dzuwa lofiira la mu Okutobala, moto ukamalusa m'tchire. Ife tinakana, ndipo tikukanabe. Tinthu ta utsi n'tating'ono zedi poyerekeza ndi fumbi la ku Mars, komanso mpweya wathu ndi wochuluka, n'chifukwa chake dzuwa lolowa kuseri kwa utsi wa ku Chikangawa limafiira m'malo mokhala buluu. Chitsanzocho chingathandize pongoonetsa kuti zoyandama mumpweya zimasintha mtundu wa thambo, basi.

Tsopano za kaphikidwe ka zithunzi. Kamera ya Pancam ya pa Spirit ndi pa chombo chinzake cha Opportunity inali ndi maso awiri, ndipo inkaona zakuda ndi zoyera zokha. Kutsogolo kwa diso lililonse kunali kagudumu ka malo 8 oikamo mafyuluta. Kuti papezeke chithunzi chamitundu, ankajambula malo amodzi katatu, fyuluta n'kumasintha, kenako n'kuphatikiza pa kompyuta. Akafuna mitundu yoyandikira ya diso la munthu ankasankha mafyuluta a mananomita (muyezo wa kutalika kwa funde la kuwala) pafupifupi 600, 530 ndi 480, ndiye kuti ofiira, obiriwira ndi abuluu. Koma ofufuza miyala nthawi zambiri ankaika fyuluta ya mananomita 750 m'malo mwa yofiira ija, chifukwa imasiyanitsa bwino miyala. Kuwala kumeneko diso lathu silikuona bwino, ndipo chithunzi chotere chimasokoneza mitundu, moti kachidutswa kabuluu ka pa chombo kamatuluka kofiirira ngati duwa. Anthu ambiri pa Facebook akaona zimenezi amati a NASA akubisa zinazake. Sikubisa, ndi fyuluta.

Chida chomwe chimaweruza mlandu wonsewu amachitcha calibration target. Ndi kambale kakang'ono komangidwa pamsana pa chombo, kokhala ndi zidutswa za mitundu ndi zotuwa zomwe kuwala kwake kunayezedwa mu labotale chombo chisananyamuke. Ka pa Spirit ndi Opportunity kanalinso ndi kamtengo pakati koponya chithunzithunzi, ndi timagalasi toonetsa thambo. Kamera imajambula kambaleka pa nthawi yofanana ndi yomwe yajambula malo, ndiye akatswiri amasintha manambala mpaka zidutswa zija zitabwerera pa mtundu wake wodziwika. Vuto ndi fumbi lomwe lija: limagwera pa kambaleko n'kufiiritsa zonse. Pa Perseverance, chombo china choyenda pa nthaka ya ku Mars, anaika maginito pansi pa zidutswazo, okoka fumbi kuti liunjikane m'mbali, pakati n'kutsala poyera.

Choncho musanaonetse ana chithunzi, werengani mawu olembedwa pansi pake. Chikalembedwa kuti raw, ndiye kuti n'chosakonza, changotuluka mu kamera. Chikalembedwa natural color kapena approximate true color, ndicho choyandikira zomwe munthu angaone ataima pamenepo, ndipo ndicho choyenera pophunzitsa za thambo. Cholembedwa white balanced anachisintha kuti miyala ioneke ngati ikuwalidwa ndi dzuwa lakwathu kuno, pofuna kuthandiza odziwa za miyala, ndipo kusinthako kumatha kupatsa thambo buluu wabodza. Chopanda mawu alionse, chongotumizidwa pa WhatsApp, chisiyeni.

Aphunzitsi a masamu, gawo ili ndi lanu. Zombozi zimajambula dzuwa lenilenilo kudzera mu fyuluta yakuda kwambiri pofuna kuyeza kuchuluka kwa fumbi, ndipo muyezowo amautcha tau. Dzuwa lili paliwombo, kuwala kofika pansi molunjika kumapezeka powerengera e kukwezedwa ku mphamvu ya minus tau. Tau ikakhala 0.5, monga zimakhalira tsiku labwino, kumafika magawo 61 mwa 100. Ikakhala 1, magawo 37. Mu Juni 2018, pa mkuntho wafumbi womwe unakuta pulaneti yonse, Opportunity inayeza 10.8, kutanthauza gawo limodzi mwa pafupifupi 50,000. Chombocho chinkadalira sola, ndipo chinamveka komaliza pa 10 Juni chaka chomwecho. InSight, chombo chinanso chodalira sola, yomwe inatera pa 26 Novembala 2018 ndipo inajambula kutuluka ndi kulowa kwa dzuwa mu Epulo 2019, nayo inazima mu Disembala 2022 fumbi litakwirira masola ake pang'onopang'ono. Aliyense amene ali ndi sola pa denga ku Chibavi kapena ku Luwinga akudziwa zomwe fumbi la mu Seputembala limachita. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko kulibe wokwera ndi kansanza.

Zina tingodutsamo. Mitambo iliko, yopyapyala, yambiri ya madzi oundana ndipo ina yam'mwamba kwambiri ya carbon dioxide woundana. Pa 31 Januwale 2014 Curiosity inajambula dziko lathu lino madzulo, lili kadontho kowala ngati nthanda, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 160 miliyoni. Pa 2 Epulo 2022 Perseverance inajambula mwezi wa Mars wotchedwa Phobos ukudutsa kutsogolo kwa dzuwa, kadamsana wa masekondi pafupifupi 40 yemwe saphimba dzuwa lonse. M'zithunzi zausiku mumakhala timadontho ndi timizere toyera tomwe si nyenyezi. Tambiri ndi macosmic ray, tinthu tamphamvu tochokera kuthambo, omenya kamera, ndipo amadziwika poti pa chithunzi chotsatira, kapena pa diso lina la kamera, sapezekapo. Kunatchulidwanso za Venus, kumene chombo cha Soviet Union cha Venera 13 chinatera pa 1 Malichi 1982, n'kupirira kutentha kwa mphindi 127, n'kutumiza zithunzi zomwe zonse zili ndi kuwala kwachikasu kofiirira.

Zoyeserera za m'kalasi tatenga ziwiri. Choyamba ndi botolo loonekera la malita awiri, longa la Sobo, lodzaza madzi oyera, kuthiramo mkaka theka la supuni yaing'ono, kukhutchumula, n'kuwalitsa tochi kuchokera pansi pa botolo m'chipinda chamdima. Kuyang'ana cham'mbali madzi amaoneka abuluu pang'ono, kuyang'ana pakamwa pa botolo kuwala kumaoneka kwachikasu. Mkaka ukachuluka zonse zimangoyera mbee, ndiye muzithira madontho ochepa ochepa. Tochi ya LED yowala mwabuluu imaononga zotsatira, pezani yowala mwachikasu. Ndipo auzeni ana momveka kuti botololi likuonetsa thambo lathu, osati la ku Mars. Ena anayesa kuthiramo dothi lakatondo kuti apange la ku Mars, koma madzi anangoda, buluu osatuluka, poti tinthu ta dothilo n'tosiyanasiyana misinkhu.

Chachiwiri ndicho tachikonda, chifukwa chikubwereza cholakwa cha Viking. Ana adule katoni, amatepo pepala loyera, lotuwa, lofiira, lobiriwira ndi labuluu. Aiike panja pomwe thambo likuoneka kumbuyo kwake, dzuwa lili kumsana kwa wojambula, asalozetse foni kapena maso ku dzuwa. Pa foni yokhala ndi pro mode, ajambule white balance, yomwe imauza kamera mtundu wa kuwala komwe kulipo, ili pa 2800K, kenako 5500K, kenako 7500K. Thambo limodzi lomwelo lituluka mitundu itatu, ndipo ana asankhe chithunzi choona poyang'ana pomwe pepala loyera latuluka loyeradi. Kuno kwathu chitani zimenezi chakumasana, nkhungu yam'mawa itayera.

Zofunika kuti komiti igamule ndi izi. Zithunzi zazikulu zimadya bandulo, choncho tikupempha kuti munthu mmodzi azikopere kamodzi pa tsamba la NASA, pamodzi ndi mawu ake ofotokoza, n'kuziika pa fulashi yoyenda m'masukulu. Panalinso ganizo lokonza usiku woonera Mars mu Febuluwale 2027, pamene dziko lathu lidzakhale pakati pa iyo ndi dzuwa, iyo n'kuwala kwambiri, zomwe zimachitika pa miyezi pafupifupi 26 iliyonse. Ife tikukayika, poti mwezi umenewo Mzuzu imakhala pansi pa mitambo ya mvula, ndiye ngati tivomereze tisankhe masiku angapo otsatizana, osati limodzi. Pa nkhumano yathu ikubwerayi aliyense abwere ndi botolo, tochi ndi foni yotchaja, makatoni ndi mapepala tibweretsa ife.