Lipoti la msonkhano wokambirana za chizungulire chimene ena amati chimachokera m'khosi

A Wapampando ndi mamembala nonse a gulu lathu la ogwira ntchito ya mafizo, ndikuthokoza kuti munandituma kukakuimirani pa msonkhano wa madokotala ndi akatswiri a mafizo umene unachitika muno mu Lilongwe sabata yatha. Nkhani imene inatenga nthawi yaitali ndi yomwe timakumana nayo kawirikawiri: wodwala akabwera akudandaula khosi ndi chizungulire pamodzi, kodi tinganene kuti khosilo ndilo labweretsa chizungulirecho?

Katswiri wa mafizo amene anatsegula zokambirana anavomera kuti zimatheka. Anatikumbutsa kuti amene anapatsa vutoli dzina ndi Ryan ndi Cope m'chaka cha 1955, ndipo anafotokoza kuti timinofu ta kunkhongo tili ndi timitsempha tochuluka touza ubongo mmene mutu wakhalira. Ubongo umaphatikiza uthenga umenewu ndi wochokera m'maso komanso m'kati mwa khutu, choncho khosi likavulala kapena likauma, uthenga wake umasemphana ndi winawo, munthu n'kuyamba kudzandira. Anatchulanso kafukufuku wa de Jong ndi anzake wa mu 1977, pamene anthu obayidwa mankhwala ochititsa dzanzi m'khosi ankayenda mopendekera mbali imodzi.

Dokotala wa makutu sanatsutse zimenezi, koma anafunsa funso limene palibe analiyankha mogwira mtima: tidziwa bwanji kuti wodwala amene ali patsogolo pathuyu vuto lake ndi limeneli? Palibe kuyeza magazi, X-ray kapena sikani imene imatsimikiza, ndipo mafupa a khosi operepeseka amaoneka pa X-ray ya achikulire ambiri amene sadandaula chizungulire n'komwe. Komanso munthu akatembenuza khosi amatembenuzanso mutu, mmene muli khutu, ndiye kunena kuti chizungulire chimabwera khosi likatembenuka sikuchotsa khutu pamlandu. Anatiuza kuti mu 2022 bungwe la Bárány Society, la akatswiri a chizungulire padziko lonse, linanena kuti umboni woti khosi limachititsa munthu kuona zinthu zikuzungulira ndi wosakwanira, ndipo silinapereke njira yozindikirira matendawa m'zipatala.

Ine ndinakhutira kwambiri ndi mbali imeneyi pamene dokotala wa makutuyo anafotokoza za BPPV, chizungulire chochokera m'kati mwa khutu chimene chimabwera munthu akasintha mmene mutu wakhalira. Timiyala tating'onoting'ono ta m'kati mwa khutu tikachoka pamalo pake n'kulowa m'tinjira ta madzi, munthu amaona nyumba ikuzungulira akatembenuka pamphasa kapena akayang'ana kudenga, nthawi zambiri kwa masekondi ochepa osafika mphindi imodzi. Poopa chizungulirecho amaumitsa khosi, ndipo pakapita masiku khosilo limayamba kuwawa, ife n'kuganiza kuti ndilo gwero. Vutoli limadziwika ndi njira ya Dix ndi Hallpike ya mu 1952, ndipo limachizika ndi njira ya Epley ya mu 1992; zonse ziwiri ndi njira zogoneka wodwala n'kumutembenuza mutu, pabedi wamba, popanda makina. Mutu waching'alang'ala nawo umabweretsa chizungulire ndi kuwawa kwa khosi nthawi imodzi.

Pali mfundo imene ndinaipereka ineyo, ndipo ndikufuna tiiganizire. M'Chichewa mawu akuti chizungulire amanyamula zinthu zambiri. Wina amatanthauza kuti zinthu zikuzungulira, wina kuti m'maso mukuchita mdima akaimirira, winanso kuti akudzandira ngati waledzera. Amene amakhulupirira za khosi amakamba makamaka za kudzandiraku, pamene bungwe lija linatsindika za kuzungulira kwenikweni, choncho mbali ina ya mkanganowu ndi ya mawu. Tikapanda kufunsitsa wodwala, sitingadziwe kuti tili mbali iti. Kuno kwathu tiyeneranso kukumbukira kuchepa kwa magazi, malungo, kutsika kwa BP kapena shuga, ndi mankhwala monga gentamicin, quinine ndi efavirenz, tisanaloze chala khosi la mayi chifukwa choti amasenza madzi ndi nkhuni.

Pa chinthu chimodzi onse anagwirizana. Mitsempha ya magazi yodutsa m'mafupa a khosi ikhoza kung'ambika, makamaka pambuyo pa ngozi ngati za njinga zamoto za kabaza, n'kuyambitsa sitiroko. Wodwala amene khosi kapena nkhongo yayamba kumuwawa mwadzidzidzi, ndipo ali ndi chizungulire pamodzi ndi kuona zinthu ziwiriziwiri, kulemera lilime, kulephera kumeza kapena kulephera kuyenda, tisamupotokole khosi ngakhale pang'ono. Atumizidwe msanga ku Kamuzu Central Hospital.

Maganizo anga ndi akuti tipitirize kuthandiza khosi lowawa ndi mafizo, popeza odwala ena amapezadi bwino, koma tisalembe m'buku la wodwala kuti chizungulire chachokera m'khosi tisanayeze khutu, BP ndi magazi, chifukwa zimene talemba zimachititsa wogwira ntchito wina kusiya kufufuza. Ndikupempha komiti kuti pa msonkhano wathu wotsatira ipatule maola awiri oti tiphunzitsane njira za Dix-Hallpike ndi Epley. Dokotala wa makutu uja wavomera kudzatitsogolera, tikamudziwitsa tsiku nthawi ikadalipo.