Dandaulo kwa aphungu a dera lathu: mlatho uja umangidwa liti?

Olemekezeka aphungu, ndikulemba poyera pano chifukwa makalata amene komiti yathu ya chitukuko cha m'mudzi inatula ku ofesi yanu sanayankhidwe mpaka lero. Dera limene mukuliimira lili pawiri. Mbali ina ili m'tauni ya Blantyre, kumene kuli magetsi ndi maminibasi, pomwe mbali ina ndi midzi ya mafumu, kumene anthu amadalira dimba, mjigo ndi njinga za kabaza. Chimene chinkalumikiza mbali ziwirizi ndi mlatho umodzi wokha, ndipo mlathowo unakokoloka ndi madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023.

Kuchokera nthawi imeneyo takhala tikuwolokera pa mitengo ya bulugamu imene anyamata a m'mudzi anayala okha. Mvula ikagwa usiku, m'mawa mwake amayi opita ku Limbe ndi tomato ndi mpiru amatula madengu awo m'mbali mwa mtsinje n'kumadikira kuti madzi aphwe, ndipo pofika kumsika amapeza ogula atabalalika, masamba atafota. Ana a sukulu amangobwerera kunyumba. Munthu akadwalika, kapena mayi woyembekezera nthawi yake ikakwana, anthu amachita kumunyamula pa machira kukafika tsidya lina, popeza galimoto imathera pamene panali mlatho paja. Pafupi pomwepo pali mulu wa miyala ndi matumba a simenti amene anabwera nthawi ya kampeni. Simentiyo inavumbwa ndi mvula n'kuuma gwa, moti singamangenso kanthu.

Tikafunsa, ena amatiuza kuti mtsinjewo uli m'manja mwa khonsolo ya mzinda, ena amati ndi wa khonsolo ya boma. Ife anthu a m'malire timangokankhidwira uku ndi uku, chonsecho pa 16 Sepitembala 2025 mavoti a tsidya lino ndi a tsidya ilo anawerengedwa pamodzi, ndipo ndi amene anakubwezerani ku Nyumba ya Malamulo. Pa nthawi yopempha mavoti palibe anatchulapo za malire a makhonsolo.

Tsono funso langa lalikulu ndi la ndalama. Thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, lija timati CDF, linakwezedwa mu 2024 kuchoka pa K100 miliyoni kufika pa K200 miliyoni pachaka. Ndalama zimenezi ndi za misonkho yathu, ndipo zimayenera kutsata zofuna za anthu zimene zimadzera m'makomiti a chitukuko cha m'midzi (VDC) ndi cha m'dera la mfumu yaikulu (ADC). Komiti yathu inaika mlatho patsogolo pa zonse, koma zimene taona ndi maso zachitika kumbali ya m'tauni, m'mphepete mwa msewu waukulu, kumene aliyense wodutsa angaone chikwangwani chokhala ndi dzina lanu. Ndikudziwa kuti mu 2025 khothi linagamula kuti aphungu asamalowerere pa kayendetsedwe ka thumbali, koma zaka zimene tikufunsazi inu munali ndi mawu pa kasankhidwe ka zitukuko, choncho chigamulocho sichingakhale pobisalira.

Sindikukana kuti mumathandiza pa maliro. Mabanja ambiri analandira bokosi ndi galimoto kuchokera kwa inu, ndipo amathokoza. Koma thandizo lotere ndi chifundo cha munthu payekha, silingalowe m'malo mwa ntchito imene tinakutumani. Za nsalu, malaya ndi tindalama ta pamisonkhano sindinenapo zambiri, popeza lamulo la zipani za ndale la 2018 linaletsa kale kugawa zinthu pokopa ovota.

Chimene tikupempha n'chakuti mubwere pamodzi ndi akhansala ndi akuluakulu a kukhonsolo kudzachititsa msonkhano pabwalo la amfumu, tsidya lino la mtsinje, osati kuholo ya m'tauni. Mudzatiwerengere ndalama za CDF zimene dera lino lalandira kuyambira 2023, ntchito zimene zagwiridwa, makontirakitala amene analipidwa, komanso amene anagula simenti ija n'kuisiya pamvula. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga kuchokera kuboma linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo ngati mwezi uno utha tisanamve tsiku la msonkhanowo ndi tsiku loyambira ntchito ya mlatho, komiti yathu idzalemba kalata yofunsa zikalata zonsezi potsata lamulo limenelo.