Aise, njinga yako ija yakwera Khwekhwerere

Wokondedwa mnzanga,

Ndikhulupirira uli bwino ku Johannesburg kumeneko. Kuno tonse tadzuka, kupatula miyendo yangayi, yomwe lero ndi tsiku lachinayi ikukanabe kunditsitsa pakhonde. Wolakwa ndiwe. Njinga ya timatayala toonda unanditumizira ija ndapita nayo ulendo womwe tinkangoukamba pakamwa tili ku sekondale.

Tinalipo atatu. Tinanyamuka pa boma la Ntcheu Loweruka kusanache, kutsika ndi M1 mpaka pa mphambano ya ku Salima, kufupi ndi Chingeni, n'kulowa M5. M'chigwa cha Bwanje munalibe vuto. Mwera unkatikankha kumsana, ife n'kumadzitama kuti ndife akatswiri. Chubu chinaphwa kamodzi chakufupi ndi Sharpevale, tinamata, basi.

Tinakagona ku mishoni ya Mua, patsogolo pa Golomoti. Ukukumbuka aphunzitsi ankati ansembe a White Fathers anafika pamenepa mu 1902? Ine ndinkangoloweza kuti ndikhoze mayeso. Kuona ndi maso n'kwina. Ku Kungoni, malo a zachikhalidwe ndi zaluso amene Bambo Claude Boucher a ku Canada, amene kuno timawadziwa kuti Achisale, anayambitsa mu 1976, tinalowa m'nyumba ya Chamare yosungiramo mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Chipinda cha Gule Wamkulu chinanditsekera pakamwa: nkhope mazanamazana zikukuyang'ana, iliyonse ndi dzina lake ndi mwambo wake. Mnzathu wina, Mngoni wolongolola uja ukumudziwa, anatuluka ali duu. Usiku tinagona tikumva madzi a mtsinje wa Nadzipokwe akusosoma m'miyala.

Lamulungu m'mawa tinabwerera pa Golomoti, tinamwa thobwa, n'kuyang'ana kumadzulo. Aise, phiri la Khwekhwerere lija ukalionera pa galimoto limanama. Kuchoka kuchigwa kukafika ku Masasa umakwera mamita pafupifupi 1,000, ndipo msewuwo umapindika ngati njoka yomenyedwa ndodo. Ukamaliza kona imodzi n'kunena kuti mwina ndafika, umaona ina ili pamwamba pa mutu wako, lole ikukwawa pamenepo utsi uli tolotolo. Magiya ndinatsitsa onse mpaka chala chinkangodina pachabe. Thukuta linkalowa m'maso, chishalo chikuotcha, mtima ukugunda m'makutu. Sindikubisira, kawiri konse ndinatsika n'kukankha.

Pamene ndinkakankha kachiwiri m'pamene anandipeza bambo ena achikulire, atavala nkhwaira, akukankha njinga yakapalasa yopanda giya ndi imodzi yomwe, pakeliyala atamanga thumba la mpunga. Anandipatsa moni, anayang'ana chipewa changa ndi kabudula wothina uja, n'kufunsa mwaulemu ngati tili pa mpikisano. Nditati ayi, tikungoyenda, anapukusa mutu. Anandilangiza kuti ndisamayang'ane pamwamba, ndiziyang'ana tayala lakutsogolo. Kenako anandipitirira. Inde, wa thumba la mpunga kupitirira wa njinga ya ku Joni! Usauze anthu kumeneko.

Koma pafupi ndi pamwamba nditacheuka, befu yense anaiwalika. Chigwa chonse chinali pansi pathu, milambe ikuoneka ngati tizitsamba, ndipo kutali uko nyanja ikung'anima.

Ndinkaganiza kuti pa Masasa mavuto atha. Ayi ndithu. Titangokhotera kumwera, mphepo yomwe inatikondera dzulo lake inatitembenukira, yozizira ngati madzi a mumtsuko, ndipo zitunda za M1 zimabwera motsatizana osakupatsa mpata. Pa Lizulu tinaima n'kudya tchipisi cha pachiwaya mbale ziwiriziwiri, manja akunjenjemera. Msika uja sunasinthe: kachewere, kabichi, tomato milumilu, ndipo ukangodumpha msewu waponda dziko la Mozambique. Mngoni wathu uja apa m'pamene pakamwa panatsekuka. Anatikumbutsa kuti tili pakhomo pa Inkosi ya Makhosi Gomani, n'kuyamba kufotokoza za Gomani Chikuse yemwe atsamunda anamupha mu 1896, ngati kuti iyeyo analipo. Ine maso anali tsidya lija, komwe makolo athu amati kunkachokera anthu miyandamiyanda othawa nkhondo isanathe mu 1992.

Chigawo chomaliza chinali cha mantha kuposa kutopa. Msewu ndi wopapatiza, m'mphepete phula linadyeka, ndipo ma minibasi ndi mathiraki sadziwa kuti wapanjinga ndi munthu. Matayala oondawa safuna dothi, choncho ukapatuka mothawa umangopemphera. Tinalowa mu Ntcheu dzuwa litafiira.

Ukamabwera pa Khirisimasi undigulireko machubu anayi ndi mabuleki atsopano, chifukwa a saizi imeneyi kuno ndawasowa. Ndipo ubwere ndi njinga yako. Nthawiyo kudzakhala kotentha ndi mvula, ndiye tidzanyamuka pa Golomoti nkhuku zisanatsike. Mayi akuti moni, akufunsanso ngati bulangete lija unalandira.

Ndine mnzako wa pa Ntcheu.