Mukasintha hadi disiki, ntchito siithera pa kuyaka kwa laputopu

Akonzi,

Ndipatseniko mpata m'nyuzipepala yanu ndilankhule ndi amisiri anzanga okonza makompyuta, komanso ndi anthu amene amatibweretsera malaputopu awo. Ine ntchitoyi ndimagwirira pa Kasungu boma. Pali matenda amene achuluka pathebulo langa masiku ano: laputopu yasinthidwa hadi disiki kwinakwake, yayaka bwinobwino pamaso pa mwini wake, iye walipira, koma kufika nayo kunyumba Windows ikukana kulandira ma update. Imazungulirazungulira, kenako n'kulemba kuti ikubweza zonse zomwe inasintha, n'kusiya nambala yoyamba ndi 0x800 yomwe mwini wake sadziwa n'komwe kuti aiwerenge kuyambira pati.

Matendawa mankhwala ake alipo. Chondiwawa ine ndi mankhwala amene ena mwa ife tikupereka. Kasitomala akabwerera kudzadandaula, mmisiri amalowa mu services.msc, momwe amayatsira ndi kuzimitsira ntchito za m'kati mwa Windows, n'kuika Windows Update pa Disabled, uthenga wosowetsa mtendere uja n'kuzimiririka. "Yatheka, bwana." N'chimodzimodzi dalaivala wa minibasi amene waona nyali ya oyilo ikuyaka padashibodi n'kuimata ndi selotepi kuti apaulendo asafunse.

Wina anganene kuti ma update n'zosangalatsa azungu, ife bola Word ndi Excel zikutseguka. Akumbuke za WannaCry, vairasi imene mu Meyi 2017 inatseka mafayilo m'makompyuta m'maiko ambiri, mpaka zipatala za NHS ku Britain zinabweza odwala. Khomo limene vairasiyo inalowera, Microsoft inali italitseka kale mu Malichi chaka chomwecho. Amene anapsa ndi amene update ija inali isanalowe m'makina awo. Kuno kwathu fulashi imodzi imayenda m'makompyuta khumi pa tsiku, kuchoka kusukulu, kupita kosindikizira mapepala, kukathera kuofesi ya mpingo. Laputopu yomweyo ndi imene munthu amalowera ku akaunti yake ya kubanki.

Ine laputopu yotere ikafika, diso langa loyamba limapita pakona ya kumanja pansi pa sikirini, pali wotchi paja. Mayi ena, mlembi wa kalabu ya alimi a fodya, anabwera ndi laputopu yawo atauzidwa kwina kuti SSD yomwe anagula, disiki ya mtundu watsopano yothamanga ija, ndi yakufa, agulenso ina. Wotchi yake inkanena kuti tili mu 2012. Mkati mwa laputopu muli kabatire kakang'ono kooneka ngati khobidi, kamene kamasunga nthawi makina akazima. M'malaputopu a kaunjika kabatireka kamakhala katatha kalekale, ndipo nthawi imangogwiririra pa batire lalikulu. Mmisiri akazula batire lalikululo kuti afike pa disiki, tsiku limabwerera m'mbuyo zaka zambiri. Windows ikafuna kulankhula ndi makina a Microsoft, imayerekeza tsiku lake ndi masiku olembedwa pa ziphaso za chitetezo za makinawo. Zikasiyana, imakana kulumikizana, ndipo nthawi zambiri imaonetsa nambala ya 0x80072F8F. Mayi aja tinawasinthira kabatire, tinakonza tsiku, ma update n'kuyamba kutsika iwo ali chikhalire pabenchi. Ndionjezepo apa kuti ambiri akamaika Windows amangodina Next, Next, n'kusiya makina akuwerenga nthawi ya Pacific ya ku America. Yathu pamndandanda uja ndi imene yalembedwa kuti Harare, Pretoria, UTC+02:00.

Za intaneti sindichedwapo. Ambiri timalumikiza laputopu ku foni, ndipo Windows ikaona kuti intanetiyo ndi yowerengeredwa, imasiya dala kukoka ma update ambiri pofuna kukusungirani bandulo. Pitani mu Settings, pa Network & Internet, muone ngati Metered connection ili yoyatsa. Koma muzimitse mukudziwa kuti Windows yongoikidwa kumene imadya magigabaiti angapo isanakhute. N'chifukwa chake ndimati ntchito imeneyi ndi ya pashopu, ndipo mtengo wa banduloyo uzikhala m'kati mwa ndalama zomwe mmisiri watchula. Magetsi akazima update ili pakati, batire la laputopu lili lakufa, mafayilo omwe anatsika amatsala oduka. Pamenepo timaimitsa kaye Windows Update pamodzi ndi BITS, chiwalo cha Windows chokoka mafayilo a update, n'kusintha dzina la foda ya SoftwareDistribution ya mu C:\Windows, n'kuziyatsanso. Windows imapanga foda yatsopano yokha n'kuyambiranso kukoka.

Pamene pagona nkhani kwenikweni ndi pa kukopera disiki. Makasitomala ambiri safuna kutaya mapulogalamu awo, ndiye mmisiri amatenga Clonezilla kapena Macrium Reflect n'kukopera zonse za m'disiki yakale kupita mu SSD. Njirayi ndi yabwino, inenso ndimaigwiritsa ntchito. Koma disiki ya Windows si chipinda chimodzi chotchedwa C ayi. Ili ndi tizigawo tina tating'ono tobisika, tomwe mu File Explorer sitioneka. Kena ndi koyatsira makina, kotchedwa System Reserved kapena EFI, kena ndi ka Recovery komwe kamasunga zida zodzipulumutsira Windows ikagwa. Tsono disiki yakale imakhala ya 500 GB kapena 1 TB, pomwe SSD imene thumba lalola ndi ya 256 GB. Mmisiri akasankha kuti pulogalamu ichepetse yokha zigawo kuti zikwanemo, nthawi zina tizigawo tating'ono tija natonso timafinyidwa. Ena amachita kutisiya dala, ati n'topanda ntchito. Laputopu imayaka ndithu, imathamanga kuposa kale, kasitomala amaomba m'manja. Tsiku la update yaikulu likafika, Windows imafuna malo olembapo mu kachigawo koyatsira kaja, siwapeza, n'kubwerera ndi 0x800F0922. Malaputopu omwe anabadwa ndi Windows 7 ndiye amavutika kwambiri, chifukwa System Reserved yawo inali ya 100 MB yokha, pomwe Windows 10 itatuluka inkadzipatsa 500 MB.

Kachigawo ka Recovery kanatchuka mu Januwale 2024, pomwe update ya Windows 10 yotchedwa KB5034441 inkakanika m'makompyuta ambirimbiri padziko lonse ndi nambala ya 0x80070643. Microsoft inafotokoza kuti update imeneyi inkafuna malo opanda kanthu okwana 250 MB mu kachigawoko. Nthawi imeneyo ndinaona anthu akufomata malaputopu abwinobwino, zithunzi za maukwati ndi mapepala a sukulu n'kupita, pomwe chofunika chinali kungokulitsa kachigawo kamodzi. Mnzanga mmisiri, ukatha kukopera disiki tsegula Disk Management uone ngati tizigawo tonse tafika ndiponso kukula kwake. Kenako tsegula Command Prompt ngati administrator, ulembe reagentc /info. Ikayankha kuti Disabled, dziwa kuti Windows yasokera njira yopita ku Recovery yake, ndipo reagentc /enable kawirikawiri imakonza. Izi sizitenga mphindi zisanu.

Palinso china chimene timaiwala: anthu sasintha disiki yathanzi. Amasintha imene yayamba kulira kuti tik, tik, tik, imene malo ena sakuwerengekanso. Ukakopera disiki yotere, umasamutsanso mafayilo a Windows omwe anavulala kale. SSD ndi yatsopano, koma zilonda ndi zakale zomwe. Apa pamafunika kulemba mu Command Prompt muja lamulo lakuti DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth, ikatha n'kutsatira ndi sfc /scannow. Dongosolo lake ndi lomwelo, chifukwa sfc imakonza mafayilo pogwiritsa ntchito nkhokwe yomwe DISM yaiyeretsa. Zikakanika, pali njira yoikanso Windows pamwamba pa yomwe ilipo, posankha kusunga mafayilo ndi mapulogalamu. Kufomata kuzibwera kumapeto, zonse zikalephereka, ndiponso mwini wake atavomera ndi pakamwa pake. Ndipo SSD yatsopanoyo muziyiyeza ndi CrystalDiskInfo musanaikhulupirire, poti pamsika pali zina zakale zovekedwa katoni yatsopano.

Tsopano ndifike pa fulashi ya mmisiri, ndipo anzanga mundikhululukire. Ambiri tili ndi fulashi imodzi yomwe takhala nayo zaka, yomwe tinakopera kwa mnzathu, nayenso anakopera kwa wina. M'menemo muli Windows yodulidwadulidwa ndi anthu osadziwika a pa intaneti, ati kuti ikhale yopepuka. Zambiri mwa zimenezi anazizula dala Windows Update komanso Defender, pulogalamu yoteteza ku mavairasi. Ungalimbane nayo bwanji, siidzalandira update, chifukwa chiwalo cholandirira palibe. Ndipo amene anaidula anaikamo chiyani china, palibe akudziwa. Chomvetsa chisoni n'choti kuba kumeneku n'kopanda phindu. Kuyambira nthawi ya Windows 8, malaputopu a makampani ngati Dell, HP ndi Lenovo omwe anagulitsidwa ndi Windows amasunga kiyi ya laisensi mu motherboard, osati m'disiki. Kusintha disiki sikuichotsa. Ukaika Windows yoona ya mtundu womwe makinawo anabadwa nawo, n'kulumikiza intaneti, imadzitsimikizira yokha. Chomwe chimachitika n'choti laputopu inabadwa ndi Home, mmisiri waikamo Pro chifukwa ndi yomwe ili pafulashi yake, laisensi yakana, ndiye wathamangira ka pulogalamu kobera. Kasitomala anali ndi laisensi yoona, yolipiridwa kale, ndipo wachoka pashopu ndi yakuba. Chonsecho Media Creation Tool ya Microsoft ndi yaulere, imangofuna fulashi ya 8 GB ndi bandulo ya tsiku limodzi. Ndipo fulashiyo muziikonzanso nthawi ndi nthawi. Kuika Windows 10 ya 2016 lero n'kuyembekeza kuti ikwera yokha mpaka 22H2, mtundu wake womaliza, kudzera pa intaneti ya pafoni, n'kuzunza kasitomala.

Nkhaniyi yakula chifukwa Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kupatula okhawo olembetsa ndondomeko ya ESU yopitiriza kulandira ma update a chitetezo, yomwe poyamba mu 2025 malire ake kwa anthu wamba anaikidwa pa 13 Okutobala 2026. Anthu akufuna kukwera pa Windows 11, ndipo apanso kusintha disiki mosasamala kukuwatsekera njira. Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, njira yatsopano yoyatsira makina yotchedwa UEFI yokhoza Secure Boot, RAM yosachepera 4 GB, malo a 64 GB, ndi pulosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo kapena AMD Ryzen 2000 kupita m'tsogolo, kupatulapo zochepa chabe. Ndalandirapo malaputopu a m'badwo wa 8 omwe akulemba kuti sangalandire Windows 11. Kufufuza, ndimapeza kuti amene anasintha disiki anatembenuza BIOS, pulogalamu yoyatsa makina Windows isanadzuke, kupita pa njira yakale ya Legacy kuti fulashi yake yakale ija iyake, ndiye disiki inakonzedwa mwa kayalidwe kakale ka MBR m'malo mwa GPT yomwe UEFI imafuna. Makina abwinobwino aoneka okalamba chifukwa cha ulesi wa munthu. Pali chida cha mbr2gpt chomwe chili kale m'kati mwa Windows 10 kuyambira mtundu wa 1703, chimene chimatembenuza disiki popanda kufufuta mafayilo, kenako n'kubwezera BIOS pa UEFI. Koma sungani kaye mafayilo kwina musanayambe, ndipo ngati BitLocker, loko wa Windows wokhomera disiki, ili yoyatsa, kiyi yake ikhale m'manja.

Nanga aja a m'badwo wa 6 ndi 7, omwe ndi ochuluka m'masukulu ndi m'maofesi athu? Njira zokakamiza Windows 11 kulowamo zilipo, tonse tikuzidziwa. Koma Microsoft inanena poyera kuti makina otere sakulonjezedwa ma update. Ngati mmisiri wasankha njira imeneyo, amuuze kasitomala zoona asanatenge ndalama. Ine ena ndimawaikira Linux Mint m'malo mwa Windows, makamaka amene ntchito yawo ndi kulemba ndi kulowa pa intaneti basi. Ena amaikonda, ena amabwerera sabata isanathe kuti ndiwabwezere Windows yawo, ndipo sindiwaimba mlandu.

Kwa inu eni malaputopu, musachite manyazi kuima pakauntala pang'ono musanatulutse ndalama. Muuzeni mmisiri atsegule Settings pamaso panu, adine Check for updates, muone ndi maso anu ikulemba kuti zonse zalowa. Ayizimitse n'kuiyatsanso. Akuonetseni pa Activation kuti laisensi ndi yotani, muyang'anenso wotchi. Mufunseni ngati wakopera disiki kapena waika Windows yatsopano, ndipo ngati ndi yatsopano, waitenga kuti. Mmisiri woona sakwiya ndi mafunso amenewa. Ndipo disiki yanu yakale muitenge, ngakhale akuuzeni kuti yafa. Muli zithunzi zanu, makalata anu ndi mapasiwedi anu, ndipo yambiri mwa "yakufa" imeneyi imawerengeka bwino ikaikidwa mu kabokosi ka USB.

Ndine wanu,
Mmisiri wa makompyuta,
Kasungu boma